Kuswetsa mazira a chiswamphika m'nyumba: chimachitika n'chiyani, nanga anthu akutsutsana pati?

Amene amakonda kuonera makanema pa YouTube kapena pa Facebook mwina anakumanapo ndi chithunzi ichi: botolo lili pawindo, mkati mwapachikidwa kanthu kabulauni konga chidutswa cha siponji youma, kenako tizilombo tating'ono tayamba kutuluka mounjikana, kulendewera, n'kumwazikana botolo lonse. Timeneto ndi tiana ta chiswamphika. Ku America ndi ku Ulaya anthu amagula kanthu kameneka m'masitolo a zipangizo zakudimba, ena amaitanitsa pa intaneti, n'kukaswetsa kunyumba.

Chosokoneza mutu ndi malangizo amene amatsagana ndi makanemawo. Wina akuti kasungeni m'firiji, wina akuti firiji ipha mazira. Wogulitsa akulonjeza kuti tizilomboti tikulonderani ndiwo zakudimba popanda kupopera mankhwala, pomwe wina wokonda zachilengedwe wa m'dera lomwelo akuti mukakapeza m'munda kaphwanyeni. Palibe amene akunama mwadala. Padziko pali mitundu ya ziswamphika yopitirira 2,400, ndipo wolankhula aliyense amakhala akunena za mtundu umene akuudziwa iyeyo, wa kudera kwake, osatchula kuti ndi uti.

Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti ukapha chiswamphika mphika wa amayi usweka, ndipo mantha amenewo anapulumutsa ziswamphika zambiri m'manja mwa ana. Ku America kulinso mphekesera yogwira ntchito yomweyo: ambiri amakhulupirira kuti kuchipha ndi mlandu wolipitsa chindapusa, chonsecho lamulo loterolo kulibe. Ndi kachilombo kamene anthu a madera otalikirana anakapatsa ulemu, n'chifukwa chake nkhani ya mazira ake imautsa mapiri pachigwa.

Chikwa cha mazira n'chiyani?

Akatswiri a tizilombo amachitcha ootheca, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza mosungira mazira. Pano tichitcha chikwa cha mazira, ngakhale kuti n'chosiyana ndi chikwa cha gulugufe. M'chikwa cha gulugufe mumagona mbozi imodzi imene ikusandulika. M'chikwa cha chiswamphika muli mazira ambirimbiri, kuyambira ochepa chabe ngati 10 kwa mitundu ina mpaka 300 kapena kuposerapo kwa mitundu ikuluikulu.

Chachikazi chikafuna kuikira chimasankha nthambi, phesi la udzu, khoma kapena waya wa mpanda. Kunsonga kwa mimba yake kumatuluka madzi omata amene chimawatakasa mpaka achite thovu, ndipo m'thovumo chimandandalika mazira m'mizere, lililonse m'kachipinda kake, ngati mitengo ya machesi yoimikidwa m'bokosi. Ntchitoyi imatha kutenga maola angapo. Thovulo limakhala loyera ndi lofewa poyamba, koma likakhudzana ndi mpweya limauma n'kusanduka labulauni, lopepuka koma lovuta kung'amba. Amene anaonapo thovu loyera limene achule ena a m'mitengo amapachika pa nthambi zoweramira padziwe nthawi ya dzinja amvetsa msanga: nzeru yake ndi yomweyo, kungoti thovu la chiswamphika limalimba n'kukhala miyezi. Timabowo ta mpweya tili m'thovumo ndi timene timatchinjiriza mazira ku chisanu, ku dzuwa ndi ku mvula.

Pali chinthu chimodzi chimene woswetsa aliyense ayenera kuchizindikira pa chikwacho. Mbali yoyang'ana kunja ili ndi mzere wodutsa pakati, wooneka ngati timamba tosanjikizana ngati malata a padenga. Pamenepo ndiye pakhomo. Kachipinda kalikonse kamatsegukira kumzerewo, ndipo mukaumata ndi guluu kapena kuugunditsa kukhoma la botolo, tiana timafera mkati.

Ngati munaonapo mphemvu ikukoka kanthu kabulauni konga nyemba kumbuyo kwake, munaona chikwa cha mtundu womwewu. Mphemvu ndi ziswamphika n'zapachibale, ndipo kafukufuku wa mu 2007 wa akatswiri a ku Natural History Museum ku London anaonetsa kuti nacho chiswe chili m'banja la mphemvu. Anthu anazidziwa kalekale zikwazi. Ku China zinalembedwa m'mabuku akale a mankhwala azitsamba ndi dzina loti sang piao xiao, kutanthauza chikwa chopezeka pa mtengo wa mabulosi, ndipo asing'anga akumeneko amazifutsa pa nthunzi kuti mazira afe asanazipereke kwa munthu wovutika ndi kukodzakodza.

Malonda ake anayamba bwanji?

Chiswamphika chimene chimagulitsidwa kwambiri ku America kwawo si kumeneko. Ndi cha ku China, chotchedwa Tenodera sinensis, ndipo chinaonedwa koyamba m'dzikolo mu 1896 pa nazale ina ya mitengo ku Philadelphia, chitabwera mwangozi pamodzi ndi mbande zochokera kunja. Patangopita zaka zitatu, mu 1899, cha ku Ulaya chotchedwa Mantis religiosa chinapezeka kufupi ndi Rochester m'chigawo cha New York, nachonso m'njira yomweyo. Alimi ataona kuti n'zolusa pogwira tizilombo anayamba kutola zikwa n'kumagawana, kenako kugulitsana, ndipo zinafalikira madera ambiri. Cha ku Ulaya chinazolowereka mpaka chigawo cha Connecticut chinachisankha mu 1977 kukhala kachilombo koimira chigawocho.

Cha ku China ndi chachikulu, chimafika masentimita 10, ndipo chikwa chake n'chobulungira, chachikulu ngati kandimu kakang'ono. Dziko la America nalo lili ndi zakezake, monga Stagmomantis carolina, chimene chimangofika masentimita 5 kapena 6. Chikwa cha chimenechi n'chachitali, chophwatalala, chomatirira kwambiri pakhungwa la mtengo, chokhala ndi mzere wotuwa pakati. Kusiyana kwa maonekedweku tikufuna mukukumbukire, chifukwa mkangano wa kumapeto kwa nkhaniyi watsamira pomwepa.

Pambali pa alimi pali gulu lina la ogula, loweta ziswamphika chifukwa cha kukongola kwake, monga mmene ena amawetera nkhunda. Zambiri zimene gululi limazikonda n'za kuno ku Africa: Phyllocrania paradoxa chofanana ndi tsamba louma, mitundu ya Sphodromantis yobiriwira yonenepa, ndi Idolomantis diabolica chooneka ngati duwa, chimene chimapezeka kum'mawa kwa Africa, ku Tanzania, ku Kenya ndi ku Malawi komwe. Choncho chikwa chimene munthu wa ku London walandira papositi chikhoza kukhala cha mtundu umene makolo ake anachokera m'tchire longa lakwathu.

Tulo ta mazira ndi nkhani ya firiji

Kumayiko ozizira chiswamphika sichikwanitsa chaka. Chimaswa nyengo yofunda ikayamba, cha mu Meyi kapena Juni, chimakula miyezi yotentha, chimaikira cha mu Sepitembala ndi Okutobala, ndipo chisanu choyamba chikagwa zikuluzikulu zonse zimafa. Chotsala ndi mazira okha. Mayi saonana ndi ana ake. Kuti tiana tisatuluke pakati pa chipale pamene kulibe kanthu kodya, mazira amaima kukula n'kukhala ngati agona. Tulo timeneti akatswiri amatitcha diapause.

Fanizo lapafupi ndi mbewu ya chimanga m'nkhokwe. Ndi yamoyo, koma siimera mpaka italandira chizindikiro chake, chomwe ndi chinyontho. Kwa mazira a kumayiko ozizira chizindikiro ndi kutentha kobwera pambuyo pa kuzizira. Mitundu ina, monga cha ku Ulaya cha kumadera ozizira, imaswa bwino ikadutsa kaye m'kuzizira kwa masabata angapo. Kwa mitundu ina kuzizirako kumangoimitsa kukula, ndipo ikamva kufunda imapitiriza.

Langizo la firiji lachokera apa. Munthu wa ku Ohio, ku America, akagula chikwa mu Febuluwale n'kuchiika m'chipinda chofunda, tiana titha kutuluka kunja kukadali chipale. Ndiye amachisunga m'firiji, m'munsi mosungira ndiwo zamasamba, osati moundanitsira madzi, mpaka nyengo itafunda. Firiji imaumitsa zinthu, n'chifukwa chake amachiika m'kachitini kobooledwa pamodzi ndi kapepala konyowa pang'ono. Chikatulutsidwa n'kuikidwa pamalo otentha madigiri 24 mpaka 27, nthawi zambiri chimaswa pakati pa masabata atatu ndi asanu ndi atatu.

Nyuzipepala za ku America zimakonda kulemba za ngozi ya mtundu umenewu nyengo ya Khirisimasi. Banja lagula mtengo weniweni wodulidwa kumunda, lauimika pabalaza n'kuukongoletsa, osadziwa kuti panthambi ina pali chikwa. Kufunda kwa m'nyumba kumanamiza mazira kuti chisanu chatha, ndipo m'mawa wina mu Januwale amadzuka tiana tili mbwee pa makatani ndi kudenga. Sitiluma munthu, koma tambiri timafa ndi njala patangopita masiku ochepa. Langizo la akatswiri ndi losavuta: dulani kanthambi kali ndi chikwacho mukakapachike panja.

Mitundu ya kumadera otentha ilibe tulo ta chisanu totere. Chikwa cha Sphodromantis chimaswa chokha pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo kuchiika m'firiji n'kupha mazira. Munthu wa ku Salima kapena ku Chipata akatola chikwa pampanda wake, langizo la firiji silikumukhudza n'komwe.

Kakonzedwe ka botolo

Zofunika n'zochepa, ndipo zambiri zimapezeka pakhomo. Pamafunika botolo lakukamwa kwakukulu kapena chigubu choonekera mkati, chachikulu ndithu, chifukwa mudzakhala tiana toposa 100. Pakamwa pake pamamangidwa nsalu yopyapyala yolowa mpweya. Neti ya udzudzu imene tili nayo m'nyumba zambiri siyoyenera pa zifukwa ziwiri: inanyikidwa m'mankhwala opha tizilombo, komanso mabowo ake ndi aakulu moti tintchentche todyetsera tiana timatulukira pomwepo. Chigubu chimene munakhalapo mankhwala a mbewu kapena palafini chisayandikire n'komwe.

Chikwa chimapachikidwa m'mwamba, mzere wa pakhomo uja utayang'ana kunja ndi pansi monga mmene mayi anachisiyira, ndipo pansi pake pasiyidwe mpata wa masentimita 10 kapena kuposa. Ngati chili pa kanthambi, ndi bwino kudula kanthambiko n'kukaimika momwemo kusiyana n'kumatula chikwacho. Chikakhala chomatuka kale, ena amachisokerera kunsalu ya pakamwa ndi singano ndi ulusi, kubaya m'mphepete mwa thovu mokha, kutali ndi pakati pamene pali mazira. Mpata wa pansiwo ndi wofunika pa chifukwa chimene tichione posachedwa. M'botolomo muikidwenso timitengo, udzu wouma kapena mapepala ofwanyafwanya kuti tiana tidzapeze pogwira ndi pobisalirana.

Chovuta kwambiri ndi chinyontho. Kukauma kwambiri mazira amafota, kapena tiana timakanirira pakhomo. Kukanyowa kwambiri chikwa chimachita chuku. Oweta ambiri amayala kapepala kapena thonje pansi pa botolo n'kumawaza timadzi pang'ono masiku awiri kapena atatu aliwonse, kuwaza m'makoma a botolo osati pachikwa penipeni. Dzuwa lisawombe botolo mwachindunji. Aliyense amene analowapo m'galimoto yotsekedwa mawindo masana a mu Okutobala akudziwa chimene chingachitikire mazira ali m'galasi pawindo.

Njira ina ndi yosalowetsa chikwa m'nyumba n'komwe: kuchimangirira panthambi m'dimba, pamwamba ndithu kuti nyerere ndi mbewa zisachipeze msanga, n'kuchisiya. Ubwino wake ndi woti chimaswa pa nthawi yake, nyengo ikalola. Kuipa kwake n'koti mwina simudzaona chilichonse, chifukwa tiana timabalalika m'maola ochepa, ndipo chikwa choswa kale chimaoneka pafupifupi chimodzimodzi ndi chosaswa. Anthu ambiri amadandaula kuti anagulitsidwa chakufa pomwe chinaswa iwo ali kuntchito.

Tsiku loswa

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti khama lonse lija limabweza. Kawirikawiri zimachitika m'mawa. Pamzere paja pamatuluka timitu, kenako timatupi totuwa tonga timphutsi, miyendo itamatiridwa kuthupi m'kachikopa kopyapyala. Kalikonse kamadzigwedeza mpaka katuluke n'kulendewera pa kaulusi, ndipo kali lende choncho kamang'amba kachikopa kaja, kutulutsa miyendo, n'kukwera pa anzake kupita pouma. Mpata wa pansi pa chikwa uja ntchito yake ndi imeneyi. Chikwa chikagonekedwa pansi pa botolo, tiana timalephera kuvula kachikopako ndipo timapunduka miyendo kapena kufa. Kwa cha ku China, gulu lonse limatha kutuluka mu ola limodzi kapena awiri. Mitundu ina imatuluka pang'onopang'ono kwa masiku angapo, choncho chikwa chisatayidwe msanga.

Kamwana kakauma kamakhala kotalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo kamafanana kale ndi make, kungoti kalibe mapiko. Chiswamphika sichidutsa pa mbozi ndi chikwa ngati gulugufe. Chimakula ngati chiwala, pofundula chikopa monga imachitira njoka, kasanu mpaka kakhumi malinga ndi mtundu, ndipo mapiko amabwera pa kufundula komaliza. Nthawi iliyonse yofundula chimadzipachika chadodolido, n'chifukwa chake oweta amati chosungiramo chizitalika katatu kuposa kachilomboko. Chikayandikira kufundula chimasiya kudya, ndipo pa nthawiyo sichifunika kugwidwa kapena kugwedezedwa.

Tsiku loyamba tiana sitidya, timangomwa. Madzi aziwazidwa ngati nkhungu, chifukwa dontho lalikulu limamiza kamwana. Kuyambira tsiku lachiwiri kapena lachitatu timafuna nyama yamoyo, yoyenda, yocheperapo kuposa itoto. Chakufa sitichiyang'ana. Oweta a ku Ulaya ndi ku America amagula tintchentche ta zipatso totchedwa Drosophila, ta mtundu wosauluka, toweteredwa m'makapu. Kwathu kuno tintchentche tomweto timadzaza pa makoko a nthochi kapena mango akupsa kwambiri, ndipo nsabwe za pa mpiru kapena pa khobwe nazo zimadyedwa, bola masambawo akhale osapoperedwa.

Chakudya chikachepa, tiana timayamba kudyana. Si nkhanza, ndi chibadwa: chiswamphika chimagwira chilichonse choyenda chimene chingachigonjetse, ndipo sichidziwa m'bale. Woswetsa amakhala ndi njira zitatu. Atha kumasula tonse panja pa tsiku loyamba kapena lachiwiri, kutimwaza m'zitsamba zosiyanasiyana. Atha kupatula tochepa, kalikonse m'kapu yake, n'kumatidyetsa miyezi ingapo. Kapena atha kutisiya pamodzi mpaka titachepa tokha. Amene amagulira ana asukulu chikwa kuti aphunzirepo ayenera kuganiza za funsoli chikwa chisanaswe, chifukwa likafika tsikulo nthawi yoganiza imakhala itatha.

Chikwa chikakana kuswa

Zifukwa zake n'zingapo. China n'chakale, chinaswa chaka chatha, ndipo chizindikiro chake ndi tinyenyeswa tonga utuchi pamzere wa pakhomo. China chinauma kapena chinapsa m'njira. China chinaikiridwa ndi chachikazi chosakumana ndi chachimuna, pakuti zazikazi zimaikira ndithu ngakhale zili zokha, monga nkhuku yopanda tambala. Mazira otero nthawi zambiri saswa, ngakhale pali mitundu yochepa yodabwitsa: Brunneria borealis cha kum'mwera kwa United States chilibe chachimuna n'chimodzi chomwe, zonse n'zazikazi zobereka zokha.

Nthawi zina m'botolo mumatuluka alendo. Pali timavu ting'onoting'ono ta mtundu wa Podagrion timene timabaya chikwa ndi kachubu kake katali n'kuikira mazira ake mkati, ndipo mphutsi zake zimadya mazira a chiswamphika. Mukaona timabowo tobulungira m'mbali mwa chikwa, ngati tobooledwa ndi singano, dziwani kuti munatuluka timavu timeneti.

Kodi ndi mlonda wa dimba?

Kugwiritsa ntchito chamoyo china pothana ndi chilombo choononga mbewu si nzeru yatsopano, ndipo pali pamene inagwira ntchito modabwitsa. Mu 1888 ndi 1889 alimi a malalanje ku California anapulumuka atabweretsa kuchokera ku Australia kachikumbu kotchedwa vedalia, kodya tizilombo timene tinkaononga mitengo yawo. Kuno ku Africa chitsanzo chachikulu ndi cha kodikodi, kachilombo kamene kanasakaza chinangwa m'mayiko ambiri, kuphatikizapo madera a m'mphepete mwa nyanja monga Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1980. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA linabweretsa kamavu kochokera ku South America, n'kukamasula koyamba ku Nigeria mu 1981, kenako m'mayiko ena, ndipo chinangwa chinapulumuka. Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyo, analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995.

Kamavu kaja kanapambana chifukwa kamasaka kodikodi yekha, ndipo kamaswana mofulumira kodikodi akachuluka. Chiswamphika chili ndi khalidwe lina. Chimakhala phee pamalo amodzi kudikira chodutsa, ndipo chimadya chiwala, ntchentche, njuchi, gulugufe, kangaude ndi chikumbu chodya nsabwe mosasankha. Kumayiko ozizira chimaswana kamodzi pachaka, ndiye sichingachuluke mothamangitsana ndi mliri. Tinganene kuti kamavu kaja ndi mphaka wogwira mbewa zokha, pomwe chiswamphika ndi msampha wotchera panjira, umene umakola mbewa ndi mwanapiye yemwe. Pa ntchemberezandonda zimene zinachititsa boma la Malawi kulengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28 mu Disembala 2017, vuto linanso n'lakuti mbozizo zimabisala mkati mwa nsonga ya chimanga, pomwe chiswamphika chimasaka ndi maso zinthu zoyenda poonekera.

Koma mbali inayo ilinso ndi umboni wake. Lawrence Hurd ndi anzake, amene anafufuza cha ku China kwa zaka zambiri m'minda yogonera kum'mawa kwa United States, anapeza mu kafukufuku wofalitsidwa mu 1996 kuti m'zigawo zimene munali ziswamphika tizilombo todya zomera tinachepa ndipo zomerazo zinakula bwino. Anaonanso kuti akangaude ena, omwe nawo ndi alonda a munda, amasamuka ziswamphika zikachuluka. Choncho wonena kuti zimathandiza ali ndi poimira, wonena kuti phindu lake n'losadalirika alinso ndi poimira.

Mlendo ndi mwini mudzi

Mkangano woopsa kwambiri uli pa mitundu yobwera. Mu 2017 Martin Nyffeler wa ku yunivesite ya Basel ku Switzerland ndi anzake awiri anasonkhanitsa malipoti 147 a ziswamphika zogwira mbalame zing'onozing'ono m'mayiko 13. Oposa 70 pa 100 alionse anali a ku United States, ndipo mbalame zambiri zinali timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa totchedwa hummingbird, togwidwa pa maluwa kapena pa ziwiya zimene anthu amatimwetsera madzi a shuga. Olembawo anachenjeza za kumasula ziswamphika zikuluzikulu zobwera m'minda. Ena amadandaulanso kuti cha ku China chimadya agulugufe a monarch, amene akuchepa, ndiponso kuti chimadya kapena kulanda chakudya cha mitundu ing'onoing'ono ya m'dzikolo. Langizo loti chikwa chobulungira chiphwanyidwe, chachitali chisiyidwe, limachokera kwa anthu amenewa.

Owatsutsa amati chilombo chimene chakhala m'dziko zaka zoposa 120 chinalowa kale m'mudzi, ndipo kuphwanya zikwa zochepa kumbuyo kwa nyumba sikungasinthe kanthu. Amaopanso kuti anthu osadziwa kusiyanitsa aziphwanya ndi za eni dziko zomwe. Mantha amenewa anakula kuchokera pamene kachilombo koononga mphesa kotchedwa spotted lanternfly kanapezeka ku Pennsylvania mu 2014, boma n'kuyamba kulimbikitsa anthu kupala mazira ake pamitengo. Mazirawo amakutidwa ndi zinthu zonga matope ouma, ndipo diso losazolowera litha kuwasokoneza ndi chikwa chophwatalala cha chiswamphika.

Ku New Zealand nkhani yake ili ndi mbali yokhudza dera lathu. Chiswamphika cha kum'mwera kwa Africa, Miomantis caffra, chinapezeka ku Auckland mu 1978 ndipo chafalikira madera ambiri. Dzikolo lili ndi mtundu wakewake, Orthodera novaezealandiae. Kafukufuku wa mu 2013 anaonetsa kuti zazimuna za mtundu wa kumeneko zimakopeka ndi fungo la zazikazi zobwerazo kuposa la zazikazi zawo, ndipo zikayandikira, zambiri zimadyidwa. Ku Japan, mtundu wina waukulu wa chiswamphika wa m'gulu la Hierodula unayamba kuoneka m'zaka zaposachedwa, ndipo ofufuza anapeza zikwa zake zitamatirira pa masache a nsungwi ochokera ku China. Chikwa ndi chopepuka, cholimba, chopirira ulendo wautali, ndipo sichifuna kudyetsedwa m'njira. Makhalidwe omwe amachititsa kuti chigulitsike mosavuta papositi ndi omwenso amachiwolotsa nyanja popanda wochiitana.

Malamulo nawo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany Mantis religiosa ndi chotetezedwa ndi lamulo, moti kuchigwira kutchire n'koletsedwa, pomwe ku America mtundu womwewo ndi mlendo wogulitsidwa m'sitolo.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la kuchuluka kwa chionongeko. Zoti cha ku China chimadya njuchi, agulugufe ndi timbalame zinajambulidwa kambirimbiri, koma kuona chilombo chikudya china n'kosiyana ndi kutsimikiza kuti mtundu wonse ukuchepa chifukwa cha icho. Akatswiri sanagwirizanebe ngati mitundu ya eni dziko ku America ikuchepa chifukwa cha alendowa, kapena chifukwa cha mankhwala opopera ndi kutha kwa tchire.

Lachiwiri n'lakuti mlendo amasanduka mwini mudzi pakatha zaka zingati. Pa funsoli sayansi imathandiza pang'ono chabe, chifukwa yankho limadalira chimene anthu a deralo akufuna kuteteza.

Palinso funso la malonda. Zikwa zambiri zogulitsidwa alimi zimatoledwa kutchire n'kutumizidwa kutali, nthawi zina pamodzi ndi timavu tili mkati. Kodi wogulitsa azikakamizidwa kulemba dzina la mtundu ndi kumene wachokera? Nanga mitundu yokongola ya ku Africa imene ikuwetedwa m'nyumba za kumayiko ofunda pang'ono monga Italy ndi Spain, ikapulumuka m'makapu idzafa ndi chisanu, kapena idzakhazikika pamene nyengo ikunka itentha?

Lomaliza likukhudza amene watola chikwa pampanda wa kwawo, cha mtundu wa komweko, amene nkhani ya alendo siikumukhudza. Kuchiswetsa m'botolo kumachiteteza ku nyerere, ku mbalame ndi ku abuluzi, koma kumachichotsa ku kutentha ndi chinyontho cha pamalo amene mayi anasankha, ndipo kutha kutulutsa tiana pa tsiku limene kunja kulibe chakudya chotikwanira. Kodi tiana toswera m'botolo n'kumasulidwa timafika pokula tochuluka kuposa toswera pampanda? Oweta amayankha mosiyanasiyana, ndipo kulondola tizilombo ta sentimita imodzi titabalalika m'udzu kuti tiwerengedwe pakatha miyezi itatu ndi ntchito yovuta ngakhale kwa ofufuza.